MAORA OONJEZERA AMENE SANAFIKE M'THUMBA: MBIRI YA MADJERMANE

Amene tinali ana kuno ku Chiuaula m'caka ca 1990 tikukumbukira bwino mmene anyamata ena a kwathu anabwerera kucokera ku Ulaya. Anafika atavala majekete a cikumba, wina ali ndi wailesi yaikulu, wina njinga yamoto ya MZ, ndipo akamaceza okhaokha ankaponyamo mau a Cijeremani. Ife ana tinkangoti, "Awa ndiye alemera basi." Koma pasanapite zaka zambiri katundu uja anayamba kutuluka m'nyumba mmodzimmodzi kupita ku msika, ndipo eni ake anatsala ndi envelopu ya mapepala imene ena akuisungabe m'sutikesi mpaka lero. Anthu amenewa dziko lonse limawachula kuti Madjermane. Tsopano ndi akuluakulu a imvi, ambiri anatisiya kale, koma mlandu wao wa malipiro sunathebe.

Atsogoleri a makalasi, mwina m'gulu lanu muli mkazi wamasiye, mlongo kapena mwana wa mmodzi wa iwo. Nkhani yao anthu amaikamba mwacidule, akuti "boma linawadyera ndalama," basi. Ife tifuna kuilongosola kuyambira pa ciyambi: anapita bwanji, ndalama zao zinkadulidwa motani, ndipo n'cifukwa ciyani munthu amene ankagwira maora oonjezera ndiye analuza kwambiri kuposa anzake.

CIZOLOWEZI CAKALE

Kusunga malipiro a munthu m'manja mwa boma sikunayambe ndi Madjermane ai. Mu 1928 boma la Apwitikizi ndi la South Africa anapangana kuti gawo la malipiro a anthu a ku Mozambique ogwira nchito m'migodi lisamaperekedwe ku Joni, koma mwini azikalandira akabwerera kwao. Pangano la mu 1964 linati munthu akatha miyezi 6 pa mgodi, 60 pa 100 iliyonse ya malipiro ake izisungidwa motero. Phindu la Apwitikizi linali apa: South Africa inkapereka ndalamazo mwa golide pa mtengo woikika, Apwitikizi n'kukagulitsa golideyo pa mtengo wokwera, wa mgodi n'kumupatsa ndalama za pepala.

Wenela ankalemba anthu kum'mwera kwa dziko lino, osati kuno kumpoto. Komabe makolo athu ena ankaoloka nyanja kapena kudzera ku Mandimba kulowa m'Nyasaland, n'kupitirira mpaka ku Rhodesia ndi ku Joni, kotero mau akuti "ukalandira kwanu" anafika ndi kuno komwe.

Titalandira ufulu mu 1975, zinthu zinatembenuka msanga. M'caka cimeneco anthu a ku Mozambique m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000, koma pofika 1977 anatsika kufika pafupifupi 40,000, ndipo mu 1978 South Africa inathetsa zolipira mwa golide zija. Boma latsopano linatsala ndi anyamata ambiri osowa nchito, lilibenso ndalama zakunja.

PANGANO LA MU 1979

Nthawi imeneyo dziko la Germany linali logawika pawiri. La kum'mawa, limene kuno tinkalichula kuti RDA, linali bwenzi la Frelimo kuyambira pa nkhondo ya ufulu. Mu Febuluwale 1979 mtsogoleri wake, Erich Honecker, anabwera ku Maputo kudzaonana ndi Pulezidenti Samora Machel, ndipo pa 24 Febuluwale maiko awiriwa anasainirana pangano lotumiza acinyamata a ku Mozambique kukagwira nchito ndi kuphunzira luso m'mafakitale a RDA.

Ofunika anali a zaka 18 mpaka 25, amene anatsiriza kalasi yacinai, ndipo kontrato inali ya zaka 4. Ankatengedwa m'zigawo zonse za dziko. Kuyambira 1979 mpaka 1990 anapita anthu pafupifupi 17,000, ndipo mwa iwo akazi anali ocepa, ngati mmodzi pa anthu khumi. Anawagawa m'mafakitale a nsalu, a magalimoto monga la IFA ku Ludwigsfelde, a mabogi a sitima, m'nyumba zophera nyama ndi m'migodi ya malasha. Ankagona m'nyumba za kampani zokhala ndi mlonda pa khomo, ndipo mkazi akatenga pakati ankasankha pakati pa kucotsa mimba ndi kubwezedwa kwao.

Tisadabwe kuti acinyamata ankalimbirana malo amenewa. Nkhondo inali itakula, unyamata unkathera ku usilikali, ndipo mu 1983 boma linayambitsa Operação Produção, pamene anthu ochedwa osowa nchito ankagwidwa m'mizinda n'kutumizidwa kuno ku Niassa. Mnyamata wa zaka 19 akamva kuti pali ndege yopita ku Berlin, sankafunsa zambiri. Ankasaina.

UNANGO NDI NGONGOLE

Kuti timvetse cimene cinadzacitika ndi malipiro, tiyenera kuyang'ana pafupi ndi kwathu kuno. RDA inkatumiza ku Mozambique magalimoto, makina ndi akatswiri, zambiri mwa ngongole. Ciyembekezo cinali cakuti ngongoleyo idzabwezedwa ndi malasha a ku Moatize ndi zokolola za minda ikuluikulu ya boma. Umodzi wa minda imeneyi unali ku Unango, m'boma la Sanga. Akatswiri a zaulimi a ku RDA ankagona muno mu Lichinga ndi mabanja ao, m'mawa n'kumapita ku mundako pa magalimoto.

Pa 6 Disembala 1984 magalimoto ao anachingamiridwa pa njira ndi anthu a mfuti, amene ambiri amati anali a Renamo. Ajeremani 8 anafa, pamodzi ndi anthu a kuno amene anali nao. Zitatero RDA inabweza akatswiri ake ambiri. Ku Tete nako malasha ankangounjikana, cifukwa njanji ya ku Sena yopita ku Beira inali itaonongedwa ndi nkhondo. Fakitale ya nsalu ya ku Mocuba, imene inkamangidwa ndi thandizo la RDA, sinagwire nchito ndi tsiku limodzi lomwe. Ngongole inatsala pomwepo, zobwezera palibe.

Cimene cinatsala m'manja mwa maboma awiriwa cinali thukuta la acinyamata aja. N'cifukwa cake m'zaka zotsiriza za m'ma 1980 ciwerengero ca otumizidwa cinakwera kwambiri, kotero kuti kumapeto kwa 1989 ku RDA kunali anchito a ku Mozambique pafupifupi 15,000. Ambiri mwa a m'magulu otsirizawa za kuphunzira luso sanazione kwenikweni. Ankangofikira pa makina.

MASAMU A KUDULA

Ndalama ya kumeneko tinkaichula kuti marco. Lamulo linali lakuti marcos 350 oyamba pa mwezi wanchito azilandira onse, koma pa ndalama yopitirira pamenepo gawo lina lizidulidwa ndi "kutumizidwa kwao." Poyamba gawolo linali 25 pa 100. Mu 1986 linakwezedwa kufika 60 pa 100, ndipo mu 1989 linatsitsidwa kufika 40 pa 100. Anchito anauzidwa kuti ndalamazo zikusungidwa m'dzina lao ku Maputo.

Tiyeni tiike citsanzo cathucathu, cimene mungathe kucilemba pa bolodi. Tinene kuti mu 1987 mnyamata wapata marcos 800 pa mwezi, msonkho utacotsedwa kale. Ticotsepo 350, patsala 450. Pa 450 imeneyo, 60 pa 100 ndi 270. Ndiye kuti m'manja walandira 530, ndipo 270 yalembedwa kuti "yatumizidwa."

Tsono taonani za maora oonjezera. Sabata ya nchito ku RDA inali ya maora 43 ndi mphindi 45, ndipo lamulo lao linkati ora loonjezera lilipidwe ndi 25 pa 100 pamwamba. Ngati ora wamba linali marcos 4, loonjezera linali marcos 5. Koma popeza malipiro a maora wamba anali atapitirira kale malire aja a 350, ndalama iliyonse ya maora oonjezera inkagwera yonse m'gawo lodulidwa. Pa marcos 5 aja, atatu ankapita, iye n'kutsala ndi awiri. Mjeremani amene anaima naye pa makina omwewo usiku womwewo ankatenga asanu onse.

Apa mpamene pali cisoni ca nkhaniyi. Munthu wanzeru akadati, "Ndivutikirenji Loweruka lonse cifukwa ca marcos awiri pa ora?" Koma anyamata ambiri ankaganiza mosiyana. Ankati zodulidwazo ndi nkhokwe yao, ndipo akamagwira kwambiri ndiye kuti nkhokwe ikudzaza. Ankapempha okha mashifiti a usiku ndi a mapeto a sabata, akuwerengera nyumba ya malata, cigayo, kapena cuma cokakwatirira akadzabwerera. Mwa njira imeneyi wolimbikira ndiye anaika zambiri m'nkhokwe, ndipo nkhokweyo itapezeka kuti ndi yoboola, iye ndiye analira kwambiri. Akuluakulu ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ndi wa mphepo.

Cimene iwo sankadziwa n'cakuti gawo lalikulu la ndalamazo silinkacoka ku RDA. Linkangolembedwa m'mabuku kuti ngongole ya Mozambique yatsika ndi mwakutimwakuti, ndipo boma la kuno linkatsala ndi udindo wodzawalipira eni ake mwa meticais. Ziwerengero zimene zimachulidwa kucokera m'mabuku a ku Germany ndi madola 74.4 miliyoni a malipiro ndi madola 18.6 miliyoni a thumba la ukalamba ndi matenda.

Panalinso vuto lina. Mu 1986 dola imodzi inali pafupifupi meticais 40. Mu 1987 boma linayamba ndondomeko ya PRE yokonzanso cuma, metical n'kuyamba kugwa, ndipo pofika 1990 dola imodzi inali itafika pa meticais 900 ndi kupitirira. Funso lakuti "marco ya mu 1986 ibwezedwe pa mtengo wa caka citi?" linasanduka mtima wa mkangano wonse.

KUBWERERA KWA MU 1990

Pa 9 Novembala 1989 khoma la ku Berlin linatseguka, ndipo pa 3 Okutobala 1990 Germany inakhalanso dziko limodzi. Mafakitale a boma a kum'mawa anayamba kutsekedwa, ndipo oyamba kucotsedwa anali alendo. M'miyezi yotsiriza ya RDA, udindo woona za alendo unapatsidwa kwa mayi Almuth Berger, m'busa wa mpingo wa Ciprotestanti ku Berlin. Iye anabwera ku Maputo mu 1990 kudzakambirana za kusintha pangano lija. Lamulo limene linatuluka mu Juni 1990 linati wanchito amene kontrato yake yadulidwa nthawi isanakwane alandire 70 pa 100 ya malipiro ake kwa miyezi itatu, ndiponso marcos 3,000 ngati akubwerera kwao.

Pa pepala zinali bwino. Koma makampani ena anathamangira kukweza anthu ndege lamulo lisanayambe kugwira, ena anagwa osalipira, ndipo anyamata ambiri sanamve n'komwe kuti pali ndalama yotere. Pofika kumapeto kwa 1990 otsala ku Germany anali osakwana 3,000. Otsalawo anakumana ndi cidani ca mtundu. Jorge Gomondai anafa ku Dresden mu Epulo 1991 ataukiridwa ndi gulu la acinyamata m'sitima ya mumzinda. Mu Seputembala caka comweco nyumba ya anchito a ku Mozambique ku Hoyerswerda inagendedwa masiku angapo, ndipo mu Juni 2000 Alberto Adriano anaphedwa ku Dessau.

Obwerera anafika m'dziko limene nkhondo inali isanathe, pakuti pangano la mtendere la ku Roma linadzasainidwa pa 4 Okutobala 1992. Mafakitale amene anauzidwa kuti adzagwiramo nchito kunalibe. Kuno ku Niassa ndiye kunalibiretu: munthu wodziwa makina oluka nsalu kapena kuocherera mabogi a sitima akanalowera kuti mu Lichinga wa masiku amenewo? Atapita ku Unduna wa za Nchito kukafunsa nkhokwe yao, ena analandira ndalama zocepa zimene sizinkagwirizana ndi mapepala ao, ena anauzidwa kuti maina ao sakupezeka. Wa ku Maputo ankatha kubwererako mawa lake. Wa kuno, ulendo wa ku Maputo wokha unkadya ndalama yoposa imene ankaitsatirayo.

MLANDU SUOLA

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 Madjermane a ku Maputo anasandutsa munda wa maluwa wa Jardim 28 de Maio kukhala bwalo lao, ndipo anazolowera kuyenda pa msewu Lacitatu lililonse, atanyamula mbendera za dziko limene kulibenso, kulunjika ku Unduna wa za Nchito. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inakambirana nkhani yao n'kuvomereza kuti boma liwalipire zina. M'caka comweco mmodzi wa iwo, Virgílio Amade, anaomberedwa n'kufa pa nthawi ya zionetsero. Mu Julayi 2004 gulu lao linalowa m'nyumba ya kazembe wa Germany ku Maputo n'kukhalamo masiku angapo. M'zaka zotsatira boma linapereka ndalama zina pang'onopang'ono, kenaka linanena kuti nkhani yatsekedwa. Eni ake sanavomere.

Mbali zitatu za mlanduwu zili ndi mau ao. Boma la Germany lakhala likunena kuti linakwaniritsa zonse za m'pangano, kuti pambuyo pa 1990 linaperekanso marcos 75 miliyoni, ndipo kuti zotsalazo ndi nkhani ya pakati pa Amozambique okhaokha. Boma la Mozambique lakhala likunena kuti linalipira monga mwa mabuku amene linali nao. Madjermane akuti mabukuwo sanaonetsedwe poyera, mtengo wosinthira ndalama unawapondereza, ndipo palibe amene anawafunsa ngati akulola kubweza ngongole ya dziko ndi malipiro ao.

Ku Germany nako nkhaniyi yadzukanso. Mu Febuluwale 2019, pokumbukira zaka 40 za pangano lija, ku Magdeburg kunacitika msonkhano umene mpingo wa Ciprotestanti wa m'cigawo cimeneco unathandiza kukonza. Kunafika Madjermane ocokera kuno, ana ao obadwira ku Germany amene ambiri anakula osadziwa atate ao, ndi mayi Berger omwe aja. Analemba cikalata copempha maboma onse awiri kuti atsegule mabuku ndi kulipira. Mu 2021 akatswiri a mbiri yakale analembera boma la Germany kalata yapoyera yopempha zomwezo, ndipo mu 2024 mayi Evelyn Zupke, amene Nyumba ya Malamulo ya Germany inamusankha kuimirira ozunzidwa ndi ulamuliro wa RDA, anapempha kuti amene akali moyo alandire cipukuta misozi.

MAGANIZO ATHU

Ife tikuona kuti maboma onse awiri ali ndi gawo pa mlanduwu. Amene analandira thukuta n'kulilemba ngati kubweza ngongole sangati manja ake ndi oyera cifukwa cakuti anasunga bwino mabuku. Amene analonjeza kusunga ndalama za ana ake, akudziwa kuti ndalamazo sizidzafika, sangabisale kumbuyo kwa nkhondo. N'zoona kuti dziko linali pa mavuto, ndipo ngongole inali ya tonse. Koma ngati inali ya tonse, n'cifukwa ciyani inasenzetsedwa anyamata ndi atsikana 17,000 okha, osauzidwa?

Sitinganenenso kuti ulendowo unali wa misozi yokhayokha. Ambiri mwa iwo amakumbukira zaka za ku RDA ngati nthawi imene anadya n'kukhuta, anavala, ndipo anatumizira makolo ao katundu m'masiku amene m'masitolo a kuno munali mbee. Zabwino zimenezo n'zoona ndithu, koma sizifafaniza maora aja a Loweruka.

Nkhaniyi si ya kale lokha. Lero ana athu akugwira nchito m'minda ya mitengo ya paini ndi bulugama, m'macheka ocekera matabwa, pa misewu ndi pa njanji ya ku Cuamba. Lamulo la nchito la mu 2007 linaika sabata ya maora 48, ndi kuti ora loonjezera lilipidwe ndi 50 pa 100 pamwamba mpaka 8 koloko usiku, ndi 100 pa 100 kupitirira pamenepo. Mu 2023 panatuluka lamulo latsopano m'malo mwake, ndipo ndi bwino gulu lililonse lipeze kope lake ku ofesi ya za nchito. Koma lamulo palokha silinapulumutse munthu. Wanchito azilemba yekha m'kabuku tsiku ndi maora amene wagwira, azisunga kapepala kalikonse ka malipiro, ndipo akamva mau akuti "zina tikusungirani," azifunsa kuti zikusungidwa kuti, m'dzina la yani, ndipo adzazitenga pa mtengo wanji.

Pomaliza tikupemphani cinthu cimodzi. Ngati m'dera lanu muli mmodzi wa Madjermane, mupempheni abwere ndi envelopu yake ija tsiku lina. Awerenge pamaso pa gulu kapepala kamodzi ka malipiro, ndipo inu mucite nao masamu aja a 350 pa bolodi. Lembani dzina la fakitale, mzinda ndi zaka zimene anagwira. Ngati mwini wake anamwalira, uzani a pa banja asakolezere moto mapepalawo, ngakhale ali m'Cijeremani ndipo palibe amene akuwamva. Tsiku limene maboma awiriwa adzagwirizane, adzafunsa mapepala, ndipo a kuno ku Niassa, pokhala kutali ndi Maputo, ndi amene amaiwalika msanga pa mndandanda.